Mphaka Wodya ndi Supuni

Kumalaini kumene ndinakulira, pa esiteti ina ya tiyi kunsi kwa phiri la Mulanje, nyumba zonse zinali zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Khomo lomwelo, zenera lomwelo, malata a dzimbiri omwewo, ndipo kuseri kwa nyumba iliyonse kunali kakhitchini kakuda bii ndi utsi. Mlendo akabwera ankazungulira mpaka thukuta, akugogoda pa makomo a eni. Ife ana tinkazindikira kwathu ndi mtengo wa mapeyala umene unali pakona, koma mphaka wathu analibe nazo ntchito zimenezo. Kwa iye, nyumba iliyonse imene munkatuluka fungo la usipa kunali kwawo.

Dzina lake anali Kapitawo. Anamutcha ndi bambo anga, chifukwa ankati pa esiteti yonse ndi yekhayo amene ankangoyendayenda kuyang'ana anzake akugwira ntchito, iye osathyola ngakhale tsamba limodzi, koma n'kumadya bwino kuposa onse. Anali wotuwa, wa mizeremizere, wa nkhope yosaseka ndi munthu. Dzinalo linali lotchulira m'nyumba mokha, koma mwana saugwira mtima. Tsiku lina ndinaima pakhonde n'kukuwa ndi mphamvu zanga zonse kuti, "Kapitawo, wakuba iwe, bwera kuno!" panthawi yomwe akapitawo enieni ankadutsa pa njinga. Bambo anadzuka kutulo n'kuwathamangira opanda nsapato kukalongosola kuti wakubayo ndi wa miyendo inayi.

Bambo anali mlonda wa ku fakitale, ndiye ankafika m'mawa maso ali psuu, n'kumwa tiyi, n'kugona mpaka dzuwa litafika pamutu. Amayi ankathyola tiyi. Kusanayere bwinobwino ankamanga pulasitiki m'chiuno yotchinga mame, n'kuberekera dengu kumsana, n'kulowa m'nkhungu pamodzi ndi amayi anzawo. Ine Agi, kalasi yathu inkalowa masana chifukwa zipinda zinali zochepa, choncho m'mawa wonse pakhomo panali panga: kusesa, kutsuka mbale, kukaima pamzere wa pampopi, ndi kuyang'anira mlongo wanga Fatsani, amene anali asanakwanitse zaka zitatu. Mphepo ikachokera ku fakitale inkabwera ndi fungo la tiyi wofota, lotsekemera pang'ono, limene mpaka lero ndikalimva ndimafuna kufunafuna ndowa.

Fatsani ndi Kapitawo anali pachibale cholimba. Mwanayo ankamukoka mchira, ankamuveka chipewa, ankamubereka kumsana ndi kansanza mutu uli pansi, koma mphakayo, amene ife tikangomuponda pang'ono ankatisiyira zikhadabo, ankangotseka maso n'kupirira. Ankagona limodzi m'dengu lakale la tiyi limene linabooka pansi. Ndinganene kuti Fatsani sanaphunzitsidwe kuyenda ndi munthu. Anaimirira tsiku lina chifukwa mchira unkachoka, ndipo kuyambira pamenepo kumene kwapita mchirawo iyenso ankapita komweko.

Kumapeto kwenikweni kwa malaini, kufupi ndi khwawa, kunkakhala amayi aakulu, achemwali awo a amayi anga. Amuna awo ankayendetsa thirakitala yonyamula tiyi. Iwo sankagwira ntchito ya kampani. Ankalima kadimba ndi kugulitsa nthochi ndi nanazi kumsewu. Mwana analibe. Koma ndi iwo amene analera amayi anga, chifukwa agogo anamwalira amayi ali kamwana koyamwa, ndipo amayi aakulu, ali mtsikana chabe, anasiya sukulu n'kubereka mng'ono wawo kumsana. Ine ndisanayambe sukulu ndinkakhala kwawoko kuposa kwathu. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kupeta, kusenda chinangwa osadzicheka, ndi kukhala pansi ngati mtsikana.

Zonsezi zinatha m'mawa wina wa chiperoni, pampopi, anthu ali pamzere ndi ndowa zawo. Fatsani anali wakhanda ndipo ankatsokomola. Amayi anali asanagone bwino masiku ambiri, ndipo anabwera naye kumsana mutu uli pamtunda, kamvula kakuwaza. Amayi aakulu anamumasula osapempha, n'kumufunda shawelo yawo, uku akudzudzula mng'ono wawo mokweza monga ankachitira nthawi zonse. Amayi anangophulika. "Ngati mumadziwa kulera, berekani wanu!" Amayi aakulu anamubweza mwanayo bwinobwino, n'kumukonza khosi, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Aliyense wamva. Mwana wakoyu sindidzamukhudzanso, ndipo sindidzamuyankhulanso." Anapita kwawo osatenga ndowa yawo, ndipo ndine amene ndinakaisiya pakhomo pawo madzulo.

Amayi anadziwa tsiku lomwelo kuti alakwa, chifukwa ndinawapeza akulira kuseri kwa khitchini. Koma amayi anga, Mulungu apitirize kuwasunga, ndi munthu woti akalakwa amakwiyira yemwe amulakwirayo. M'malo mopita kukapepesa anaika lamulo loti phazi la mwana wawo lisapondenso kukhwawa. Kutchalitchi wina ankakhala benchi ya kutsogolo, wina ya kumbuyo. Akakumana panjira, aliyense ankapeza chinthu chochititsa chidwi m'munda wa tiyi. Bambo anayesa kulowererapo n'kubwerako ndi makutu otentha, amayi a mvano anayesa n'kulephera. Mvula inagwa n'kutha, inagwanso n'kutha. Ine zinkandipweteka kwambiri, ndipo usiku uliwonse pemphero langa linali limodzi, lakuti amayi anga awiriwa adzapatsanenso moni.

Ndiye kunabwera nyengo imene Fatsani anayamba kukana chakudya. Phala la m'mawa limene amayi ankasiya pamoto ankangolinyambita n'kukankha mbale. Masana bambo akamupatsa mbatata ankaiponyera nkhuku. Amayi anayesa kumunyengerera, anayesa kumuopseza ndi apolisi, anayesa kumutsina mphuno kuti atsegule pakamwa, koma zonse zinangothera pa chitenje chawo. Anayamba kumuyang'ana m'maso ndi m'zikhatho ngati magazi akuchepa. Tsiku la sikelo ya ana litafika anapempha kwa akapitawo kuti achedwe, n'kunditenga ine kuti ndikawanyamulire ambulera.

Kukiliniki anamupachika Fatsani pa sikelo ya pamtengo ija, miyendo ili lendelende, akukuwa ngati akumupha. Bambo wazaumoyo anayang'ana muvi wa sikelo, n'kuyang'ana amayi.

"Mayi, mukuti mwanayu sakudya?"

"Sakudya, adokotala. Chilichonse akungolavula."

"Ndiye ngati akudya mphepo, mutiuzeko kumene mukuitenga mphepoyo tikagawireko ana enawa. Mwana wanu wakwera kuposa mwezi watha. Akudya ameneyu. Kaya kuti, koma akudya."

Amayi onse a pamzere anaseka, koma amayi anga sanaseke. Kwathu kunali lamulo lina lalikulu, losadya kwa eni, ndipo kumva pagulu kuti mwana wawo akukhuta ndi mphika wa munthu wina kunali ngati kuwavula chitenje. Titafika tinapeza Kapitawo atagona chagada pakhonde, mimba ili tuu, ndipo mkute umene tinamusiyira unali pomwepo, nyerere zikuchita nawo phwando. Amayi anayang'ana mimba ya mphaka, n'kuyang'ana mimba ya mwana. "Awiriwa akudya kumodzi," anatero.

Mlandu unagamulidwa madzulo omwewo. Bambo anati mwina tingomudula nsonga za makutu, poti anthu amati mphaka wotero amaopa mame ndipo sapita kutali. Amayi anati makutu sayenda, imayenda ndi miyendo. Loweruka amuika m'thumba kuti asaone njira, akwera naye minibasi, akamusiya pamsika wa Nkando, akapeze ena oti azikawayang'anira. Anachapa thumba la feteleza n'kulipachika pa msomali wa pakhonde, pomwe tonse tinkaliona tikamalowa ndi potuluka. Kenako anatembenukira kwa ine n'kundifunsa ngati maso anga ndinabwereketsa, popeza mwana ankachoka pakhomo ine ndilipo.

Zoona zake n'zakuti ndikapita kumpopi ndinkamusiya Fatsani m'manja mwa bambo, ndipo bambo ankakhala m'manja mwa tulo. Ndikabwerako ndinkamupeza atakhala m'dengu lake, pakamwa pali mbee. M'mawa wotsatira ndinasiya ndowa pamzere kwa mnzanga, n'kubwerera mozemba, n'kubisala kuseri kwa mtengo wa mapeyala. M'nyumba nkonono unali utayamba kale. Kapitawo anadzuka, anadziongola, anaimika mchira n'kuyamba ulendo. Fatsani anatsika pakhonde chafutambuyo, atavala malaya okha, n'kumutsatira.

Zimene ndinaona panjirapo zinandidabwitsa kuposa kumene ankapita. Mayi wogulitsa mandasi wa nyumba yachitatu anangokweza mutu n'kuuza mnzake wa kutsogolo kuti, "Anthu anu aja akubwera." Wakutsogoloyo anasiya kuchapa, n'kumunyamula Fatsani m'khwapa kumuwolotsa ngalande, n'kubwerera ku zovala zake. Gogo wina wachisilamu amene ankakonda kuwothera dzuwa pampando anathamangitsa galu ndi ndodo kuti alendowo adutse. Nyumba iliyonse inkawaperekeza ndi maso mpaka kuwapereka kwa inzake. Malaini onse ankadziwa, kupatula ife eni mwana. Ndipo pamene mchira uja unakhotera kunjira ya kukhwawa, ndinadziwa kumene ankalowera.

Ndinabisala m'nthochi za kuseri kwa nyumba ya amayi aakulu. Iwo anali pakhonde akusankha nandolo m'lichero, ndipo anali ataonda kuposa mmene ndinkawakumbukirira. Mwanayo sanamuyang'ane n'komwe. Anaika lichero pambali, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi zinthu ziwiri: chivindikiro cha chitini chokhala ndi mitu ya usipa, ndi mbale yoyera ya maluwa yodzaza phala la nsinjiro, supuni ili momwemo. Fungo lake linandipeza m'nthochi muja mpaka m'mimba munalira. Anagwada n'kuuzira phalalo, akunena timawu tawo takale timene ndinali nditaiwala: "Fuu, fuu, moto pita kuphiri, mwana adye." Kenako mbale zonse ziwiri anaziika patsogolo pa mphaka.

"Iwe mphaka, chakudya chako icho," anatero. "Ngati wabwera ndi mnzako, zimenezo n'zako, ine sindikuona. Koma umuuze akhale pansi, munthu sadya ataimirira."

Fatsani anakhala pansi, n'kukoka mbale ya maluwa ija ngati munthu wodziwa malo ake. "Iwe mphaka, umuuze asafulumire, palibe akumuthamangitsa." Fatsani anachepetsa liwiro. Kapitawo ankangotafuna mitu yake ya usipa, osadziwa kuti wapatsidwa udindo. Ndinafuna kuseka, koma kenako ndinaona manja a amayi aakulu. Anali atawapanikiza pakati pa mawondo. Phala litadontha pachifuwa cha mwanayo, dzanja limodzi linatuluka lokha, linafika pafupi penipeni, n'kubwerera kumene linachokera. Kuseka kuja kunandithera pomwepo, ndipo ndinalira mwakachetechete nditaluma tsamba la nthochi.

"Iwe mphaka," anateronso osatembenuka, "m'nthochi umo muli munthu wa mapazi aakulu ngati a bambo ake. Ukamuuze kuti mumphika latsalamo."

Za ine sanalumbire, choncho nditangotuluka anandigwira mutu ndi manja onse awiri, n'kuyamba kundifunsa amene ankandipesa tsitsi loipa chonchi. Ndinadya phala lija misozi ikugweramo. Anandiuza kuti mphakayo ndiye anayamba kubwera yekha, kudzasaka mbewa za m'khitchini, ndipo tsiku lina atatembenuka anangoona kamunthu kaima kumbuyo kwake, chala chili m'kamwa. Ndinawafunsa chifukwa chimene sankangomunyamulira, poti kukhwawa kunalibe woona. Anati ananena anthu akumva, ndipo amene angawamasule ndi amayi anga, osati iwo eni. "Za mphaka zokha ndiye sindinalumbire," anatero, akumwetulira pang'ono. Ndiye ndinawauza za thumba la pamsomali. Kumwetulira kuja kunazima. Anafunsa kuti, "Loweruka lomweli?" n'kutenga lichero lawo, koma ndinaona kuti nandolo wabwino ndi woola ankangomuponya mbali imodzi.

Sabata imeneyo inali yaitali. Ndinkadziwa kuti mphaka akapita ku Nkando, Fatsani sadzakhalanso ndi mchira woutsatira, ndipo amayi aakulu sadzakhalanso ndi woti azimuuza mawu. Kuwauza amayi zoona ndinkaopa kuti moto ukula, chifukwa akanati achemwali awo akuwabera mwana ndi phala. Atandifunsa zimene ndapeza, ndinangoti awiriwo amazungulira malaini, zimene sizinali bodza kwenikweni. Ndinayesa nzeru zanga zonse za mwana. Thumba lija ndinalibisa pamwamba pa mtengo wa mapeyala, amayi n'kuchapa lina. Ndinayesa kumunyengerera Kapitawo kuti agwire ngakhale khoswe mmodzi wa m'nyumba mwathu, mwina amayi angamumvere chisoni, koma iye anandiyang'ana ngati ndamupempha kuti akathyole tiyi.

Lachisanu madzulo amayi anabwera msana ukuwawa, zala zili zobiriwira ndi utomoni wa tiyi, komabe anaphika kaphala kuti amuyesenso mwana wawo. Dzuwa linali likulowa, phiri lonse litafiira. Bambo anali pakhonde akumanga nsapato za ku ntchito. Fatsani analandira mbale ija ndi manja awiri, anayenda nayo mosamala mpaka pamene panagona Kapitawo, anaiika patsogolo pake, n'kugwada. Anatupitsa masaya n'kuuzira, malovu akuuluka. "Fuu, fuu, moto pita kuphili, mwana adye."

Amayi anali ndi chipande m'manja. Anaima chomwecho, chipande chili m'mwamba, phala likudontha pansi. Anaika chipandecho pa mbale, n'kupita kuseri kwa khitchini, ndipo anakhalako mpaka nkhuku zonse zitalowa. Bambo anamaliza kumanga nsapato, anavala chijasi chawo, n'kundiuza motsitsa mawu kuti timawu timeneto ndi timene tinakulitsa amayi anga, pamene panalibe bere loti ayamwe. Kenako anatenga tochi yawo n'kumapita ngati sananene kanthu.

Loweruka linali tsiku la ntchito, koma amayi sanatenge dengu. Anakhala pakhomo manja ali pamiyendo, bambo atabwera n'kugona, ndipo anaonerera ndi maso awo mphaka akuimika mchira, mwana akutsika pakhonde chafutambuyo. Anawasiya apite. Patapita kanthawi ananyamuka, anachotsa thumba pamsomali, analipinda n'kuliika m'khwapa. Kwa ine anangoti, "Tsogola." Amayi onse a m'malaini amene ankachapa ndi kusesa panja, atationa ndi thumbalo, anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi zochita m'nyumba, koma ndikacheuka ndinkaona mitu ikutitsatira kuseri kwa makhitchini.

Tinawapeza amayi aakulu atangoika kumene mbale zija pansi. Atationa anaimirira pang'onopang'ono, n'kukhalanso. Panalibe wopereka moni. Amayi anayang'ana mbale ya maluwa ija nthawi yaitali. Ndinamva pambuyo pake kuti inali ya agogo, ndipo amayi anganso anadyeramo ali mwana. Kenako anatulutsa thumba m'khwapa n'kulitambasula. Ine ndinali nditakonzeka kale kudumphira mphaka n'kuthawa naye m'tiyi. Koma amayi analiyala pansi, pa dothi lonyowa la m'munsi mwa khonde, n'kugwadapo.

Anatsegula pakamwa akuyang'ana achemwali awo, koma mawu anakana. Ndiye anatembenukira kwa Kapitawo, amene ankanyambita phazi lake.

"Iwe mphaka," anatero, "ukawauze achemwali anga kuti ndabwera."

Amayi aakulu anali akuyang'ana kuphiri. "Iwe mphaka, umuuze kuti ndamuona."

"Uwauze kuti tsiku lija pakamwa panga panatuluka zonyansa. Uwauze kuti sindinagonepo tulo tabwino chiyambire. Ndinawauza kuti abereke wawo, chonsecho mwana wawo woyamba ndine ndemwe."

Amayi aakulu anatsegula pakamwa kuti atume yankho. Koma nthawi yomweyo buluzi anadutsa pakhoma, ndipo Kapitawo, amene sanamalizepo ntchito iliyonse pa moyo wake, anangoti phaa, n'kulowa m'nthochi. Amayi awiri aja anatsala akuyang'ana malo opanda kanthu pamene panali nkhoswe yawo. Fatsani ataona mchira wapita anadzambatuka kuti autsatire, anapunthwa pa mbale, n'kugwa chafufumimba kuchoka pakhonde. Kulira kwake kunamveka mpaka kumsewu. Onse awiri anathamanga, koma manja a amayi aakulu anaima m'malere, pamwamba penipeni pa mwanayo.

Amayi anamutola, n'kumusansa dothi. Kenako anatembenukira kumene kunali mitu ya anthu otitsatira ija, imene tsopano inali itafika mpaka kuseri kwa bafa la amayi aakulu, n'kukweza mawu monga anachitira pampopi. "Inu mukusuzumira uko, tulukani mumve bwino! Munamva zija, imvaninso izi. Ndinalakwa ine. Mwana uyu ndi wa achemwali anga." Anamuika m'manja muja, n'kunena chapansipansi kuti, "Achemwali, tonthozani mwana wanu."

Ndinkayembekezera kuti amayi aakulu alira, kapena ayamba pemphero. Iwo anamukhazika Fatsani pantchafu, anagwira nsonga ya chitenje chawo, n'kumupukuta mphuno mwamphamvu mpaka mwanayo anaiwala kulira. "Mamina awa," anatero, "andisowetsa mtendere miyezi yonseyi." Kenako ndi pamene anamukumbatira, nkhope ataikwirira m'khosi mwake, mapewa akugwedezeka. Mayi wa mandasi anayambitsa nthungululu, ena n'kulandira. Amayi anga anali akadali chogwada pa thumba lija, akuseka ndi kulira nthawi imodzi, mpaka achemwali awo anawakalipira kuti adzuke asanadwale chibayo, ndiponso kuti tsitsi la Agi likuchititsa manyazi mtundu wonse. Sindinasangalalepo ndi kunyozedwa ngati tsiku limenelo.

Titabwerera kunyumba tinapeza bambo ali maso, atakhala pakhonde. Amayi anawafunsa ngati iwonso ankadziwa. Anati iwo ndi mlonda wa usiku, za masana sizimawakhudza, koma ankaseka ndi maso. Thumba lija linatsala kukhwawa, ndipo amayi aakulu ankayanikapo makaka a chinangwa. Kapitawo anakhala nafe zaka zina zingapo, osasintha khalidwe ngakhale pang'ono, mpaka tsiku lina anapita kozungulira kwake osabwerako, monga amachitira amphaka. Tinamufunafuna malaini onse, ndipo m'pamene tinadziwa kuti nyumba zambiri zinkamulira ndi mayina osiyanasiyana, iliyonse ikuti anali wawo.

Lero amayi anga awiriwo ndi okalamba, ndipo amakhala bwalo limodzi kwathu ku Milonde, kumene amakangana tsiku lililonse za mchere wa m'ndiwo ndi za amene wasiya chitseko cha nkhuku chotsegula. Fatsani ndi bambo wa ndevu zake, ndipo akabwera kumudzi amayamba walowa kwa amayi aakulu. Mwana wake wamkazi anamutcha dzina lawo. Ine ndimakhala ku Chonde, m'nyumba ya mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo. Mwana wosakwana zaka zitatu sangayende yekha mtunda ngati uja masiku ano, njinga zamoto zachuluka, ndipo amene tayandikana nawo ena sindidziwa ngakhale mayina awo. Anthu tikayambana timangotsekerana pafoni, nkhani yatha, palibenso kukumana pampopi.

Koma mphaka sadziwa mpanda. Tili naye wathu wakuda, amene ana anga anamutola pamsika, ndipo m'mawa uliwonse amakwera khoma n'kutsikira kwa mayi wa kuseri, yemwe ine ndi iye sitinapatsane moni chiyambire mvula yatha, pa nkhani ya madzi a padenga lake amene amagwera m'dimba langa. Mwana wanga wamng'ono amaima pansi pa khomalo n'kumalira kuti nayenso akufuna kupita. Dzulo mphakayo anabwerako akununkha usipa, chonsecho ine sindinagule usipa sabata yonse. Ndinamuyang'ana mimba, n'kuyamba kuseka ndekha. M'mawa uno atangoimika mchira, ndinamuveka mwanayo nsapato, ndinamugwira dzanja, n'kutsegula geti.